Tepi Yopanda Mutu

Palibe filimu inandipusitsapo ine. Ndinkanena choncho pamsika, ndinkanena pamaliro, ndipo tsiku lina ndinauza apongozi anga amene sanandifunse n'komwe. Mungondionetsa nkhope za anthu a m'filimu kwa nthawi yongokwanira kusenda nthochi, ine ndikuuzani kuti ekita ndi uyu, mkulu wa zigawenga ndi uyo, uyu sachedwa kufa, uyu ndi kazitape. Chizungu sindinkachimva, Chitchaina ndiye musanene, koma inu ana anga munakula ndi ufa wochokera pa kumasulira mafilimu a zilankhulo zonsezo. Ndikulemba izi kuti mukamva anthu a pa Nsaru akunena kuti bambo anu anachoka pantchito chifukwa cha bodza, mudziwe poyambira kuwayankha.

Namitete, nthawi ya batire ya galimoto

Ntchito yanga yoyamba inali ya pakhomo. Bwana wanga, a Zuze, anali ndi chisakasa cha mphasa ndi mapepala akuda kuseri kwa msika, momwe munali sikirini yaing'ono, dekhi imodzi ndi batire ya galimoto imene tinkaiyendetsa pa njinga kukatchajitsa. Ine ndinkalowetsa anthu ndi kuthamangitsa osuzumira m'mibowo. Chifukwa choima pakhomo, filimu iliyonse ndinkaionera chammbali, kambirimbiri, mpaka kuiloweza ngati nyimbo ya kutchalitchi. Amayi ogulitsa mandasi akalowa ankandikoka malaya: "Achimwene, kodi uyu akulira chiyani?" Ine osafuna kuoneka mbuli, ndinkawayankha. Posakhalitsa a Zuze anazindikira kuti mabenchi a kufupi ndi khomo akudzaza msanga kuposa a kufupi ndi sikirini. Sanandiyamike. Anangobwera ndi maiki yomangidwa ndi mphira pakhosi, nati, "Pakamwa pakopo pazigwira ntchito, pasamangotha mandasi a eni."

A Zuze ndiwo anandipatsa mfungulo ya ntchito yonse. Tsiku lina tikupukuta dekhi ndi thonje la sipiriti anati, "Mbewe, usamavutike ndi chilankhulo. Anthu a m'filimu ndi ochepa, amangosintha malaya." Ndipo n'zoona. Ekita amayenda yekha, salankhula zambiri, ndipo amayamba wamenyedwa kaye. Mkulu wa zigawenga amakhala pansi anzake ataimirira, manja ake ndi oyera chifukwa zonyansa amatuma ena. Pali mnzake wa ekita, wanthabwala uja. Ameneyo akangotulutsa chithunzi cha mkazi wake m'thumba, yambani kukumba manda. Palinso nkhalamba yoledzera imene kale inali katswiri, ndi kamunthu koonda kothamangira kukaneneza anzake. Kaya filimu ndi ya ku China, ya ku India kapena ya azungu a zipewa zikuluzikulu okwera mahatchi, anthu ake ndi omwewa. Ine ndinkangowapatsa mayina a kwathu kuno ndi kuwaikira mawu m'kamwa. N'chifukwa chake filimu yatsopano inkadzaza chisakasa sabata imodzi, koma yakale inkadzaza chaka chonse. Munthu sapita ku chimtali kuti akadziwe mathero a nyimbo. Amapita chifukwa akuwadziwa kale.

Kabudula, chaka chimene mafuta anasowa

A Zuze atagulitsa zipangizo zawo, ndinapita ku Kabudula kwa Mayi Nasimango, amene anali ndi jenereta yotsokomola ngati nkhalamba ya fodya wa chingambwe. Chaka chimenecho petulo ankapezeka m'mabotolo, nthawi zina wosakaniza ndi palafini. Tsiku lina jenereta inazima ekita ali m'malere, mwendo utalunjika pachibwano cha mdani. Mayi Nasimango anandiyang'ana, ine ndinayang'ana anthu, ndipo ndinapitiriza nkhani pakamwa, sikirini ili bii. Palibe anatuluka. Filimu itatha m'kamwa mwangamo, mayiwo anati, "Ndiye mafutawa ndimaguliranji?" Kuyambira tsiku limenelo mutu wanga unakula, chipewa chinayamba kundithina.

Nsaru, nthawi ya matepi

Ku Nsaru ndinaitanidwa ndi Che Amidu, Msilamu wa sitolo ya nsalu ndi zipangizo za njinga. Nyumba ya kanema inali kuseri kwa sitoloyo, ya njerwa ndi malata, yoyamba yotere pa moyo wanga. Che Amidu anali ndi malamulo awo: Lachisanu masana chitseko chitsekedwe, filimu ya anthu ovula isalowe, ndipo woledzera akaonere kwawo. Anali munthu woti ukamugula nsalu n'kuiwala chenji, amakutsatira pa njinga mpaka kumudzi. Ndinkawaseka mumtima, koma ndinkawaopa.

Matepi ndinkakagula ndine ku Lilongwe, chifukwa pa nkhani yonenerera mtengo panalibe wondiposa. Ulendo wina, nditasankha matepi anga, ndinaona ina ili payokha pansi pa tebulo, yopanda chikuto.

"Iyo bwanji?" ndinafunsa wogulitsa.

"Imeneyo mutu wake unadyedwa ndi dekhi. Tinadula n'kulumikiza ndi selotepi. Koma kwinako ndi yabwino, ya mahatchi, yakalekale."

"Ndiye nsomba yopanda mutu mugulitsa mtengo wa yamutu?"

"Chotsani pang'ono, akulu."

"Ndichotse chiyani pa chinthu chochotsedwa kale? Ikani ya banyira, apo ayi matepi onsewa ndikagula kwa mnzanu uyo akundikodolayo."

Panalibe amene ankandikodola. Koma tepi inalowa m'chikwama ya banyira, ndipo ndinakwera basi ndikudzitama kuti ndamudya munthu wa m'tauni.

Ndinaionetsa Loweruka, tsiku la msika, nyengo imene alimi anali atangobwera kumene kogulitsa fodya ku okushoni matumba ali pepuu. Sindinaionere kaye pandekha. Katswiri aoneretu filimu? Itayamba, tinaona munthu wa ndevu zambiri, malaya akuda ndi fumbi, akukoka hatchi yotsimphina m'chipululu. Anafika pachitsime, natunga madzi m'chipewa chake, n'kuyamba wamwetsa hatchi, iye kumwa pambuyo. Kumbuyo kwake kunali fumbi la gulu la anthu okwera mahatchi, patsogolo pawo mwamuna wometa bwino wa malaya oyera, nyenyezi yachitsulo ili pachifuwa. Sindinachedwe. Ndinati, "Abale, munthu mmodzi, omuthamangitsa gulu, ndipo wayamba wamwetsa chiweto. Ekita ndi ameneyu, dzina lake Chindevu. Uyo wa malaya oyerayo muoneni manja. Anagwirapo khasu ameneyo?" Nyumba yonse inati ayi.

Nkhani inayenda bwino. Chindevu atakusa ng'ombe za eni, ndinati ndi zake zomwe anamulanda. Atamanga mwini sitolo ndi chingwe, ndinati sikelo ya mkuluyo inali yokhota, ndipo Che Amidu, amene anaima kumbuyo, anagwedeza mutu kuvomereza. Chapakati ndinayamba kuona zachilendo. Mkazi wokongola wa m'filimumo ankangoyang'ana wa malaya oyera, ndipo nyimbo yokoma inkalira akaonekera iyeyo, pomwe kwa Chindevu kunkalira ng'oma zoopsa. Koma mlomo unali utatsogola kale, ine ndinangoutsatira. Kumapeto anthu awiriwo anakumana pamsewu wa fumbi. Mfuti inalira. Chindevu anagwa chafufumimba.

"Dikirani," ndinatero. "Ekita safa."

Tinadikira. Wa malaya oyera anakumbatira mkazi uja. Mayina a azungu anayamba kukwera pa sikirini. Pa benchi ya kutsogolo panali a Lesitala, mlimi wa fodya wa ku Nambuma, chimunthu chotha kunyamula belo payekha. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mbewe, tamuuza adzuke."

Khomo linali kutali, a Lesitala anali pafupi. Ndiye ndinanena chimene chinabwera: "Sadzuka, abale anga. Amene anajambula filimuyi sanafune kutinamiza ngati enawa. Inu mwalima fodya chaka chonse, mwagona m'chigafa, mwapita naye ku okushoni. Amene wamutcha mtengo wavala malaya amtundu wanji? Mkazi wokongola watenga ndi iye, nyimbo akuimbira iye. Munaonapo liti wa ndevu atapambana?"

Wina kumbuyo anamina. Mayi wina anayamba kulira poyera ngati pasiwa. A Lesitala anayang'ana pansi, kenaka anati, "Bweza tionenso."

Filimu imeneyo inatidyetsa zaka. Anthu ankachokera ku Mpingu ndi ku Msundwe pa njinga kudzafunsa kuti ya Chindevu ili liti. Ng'ombe zokoka ngolo zotchedwa Chindevu zinachuluka m'midzi moti ukaitana imodzi pachigayo zinkatembenuka zingapo. Mawu anga anthu anawaloweza, ndikalumpha chiganizo ankandikonza. Amayi ankatukwana mkazi wokongola uja nthawi iliyonse ngati akumuona koyamba. Tepi inatha mpaka zithunzi zinkaoneka ngati mvula ikugwa m'chipululu muja, koma anthu ankabwerabe, ena atavala majekete, ngati opita kukapepesa maliro.

Nsaru, nthawi ya zimbale

Kenaka kunabwera Lashidi, mphwa wa Che Amidu, atamaliza maphunziro ake m'tauni. Ndisamunamizire, anali mnyamata waulemu, ndipo Chizungu ankachimva mpaka nthabwala zake. Iye ndiye anabweretsa makina a zimbale. Tsiku lina masana anandipeza ndikusesa, nati, "Madala, ndakupezerani mphatso. Filimu yanu ija, yoyera bwino, yathunthu." Anali wokondwa ndithu. Anaitana amalume ake, ndipo tinakhala atatu pa benchi m'nyumba yopanda anthu.

Sinayambire pachitsime. Inayambira panyumba ya pafamu. Nkhalamba ina inalandira mlendo wa ndevu, n'kumupatsa chakudya ndi pogona. Kutacha, mlendoyo anawombera nkhalambayo kumsana, natentha nyumba, n'kuba hatchi. Hatchi yomwe ija, yotsimphina. Wa malaya oyera anafika moto ukuzilala, nagwada pambali pa mtembo.

"Akuti chiyani pamenepo?" anafunsa Che Amidu.

Lashidi anayankha motsitsa mawu, osandiyang'ana. "Akuti, bambo anga."

Che Amidu anavula kofia, naiyang'ana m'kati, n'kuivalanso. "Che Mbewe, zaka zonsezi m'nyumba mwanga anthu akhala akulirira wakupha."

"Bwana, ine ndinanena zimene ndinaona."

"Sindikukana. Lero mwaona zambiri. Loweruka munene zimenezo."

Apa ndinayamba ntchito imene ndimaidziwa. Ndinati mutuwo tiuonetse, koma ndinene kuti wowomberayo ndi mapasa ake a Chindevu, poti ndevu zimafanana. Anakana. Ndinati chabwino, ndinene kuti ndi maloto a wa malaya oyera. Anakana. Ndinatsika mtengo: tiziyambira pachitsime monga kale, palibe wanama, tangochedwa kuyatsa. Lashidi anaseka pang'ono, amalume ake sanaseke.

"Nsalu ikang'ambika pakona ndimamuonetsa wogula," anatero. "Sindipinda pong'ambikapo kuti pabisike."

"Koma bwana, anthuwa sanabwere kudzagula nsalu. Chindevu wa ku Amereka ndi wakupha, ndavomera, amunyonge. Koma wa pa Nsaru pano sanaphe munthu. Ameneyo ndi wa a Lesitala, ndi wa aliyense amene anabwezeredwa belo. Mukufuna ndiime kutsogolo ndiwauze kuti misozi yawo inali ya uchitsiru?"

"Ndikufuna muwauze zoona. Za misozi adziwa okha."

"Nanga ndikakana?"

"Maiki ndi yanga, Che Mbewe. Pakamwa ndi panu."

Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanakumanepo ndi wamalonda wopanda mtengo wachiwiri. Ndinayesa kutembenuka ngati ndikupita, monga timachitira pamsika kuti akuitane. Ndinafika pakhomo, ndinafika pamsewu, ndinafika kunyumba. Palibe anandiitana.

Mayi anu, Nabanda, anamva nkhani yonse akusankha mtedza pa lichero, osadzutsa mutu. Nditamaliza anati, "Ndiye mukufuna kusiya ntchito chifukwa cha mzungu wa ndevu woti sakukudziwani, amene anafanso kalekale?"

"Si mzunguyo ayi."

"Nanga ndani? Adzatigulira feteleza Chindevu wanuyo?"

"Anthu amandikhulupirira, Nabanda."

"Eya, n'chifukwa chake muwauze kuti munaphonya. Munthu amaphonya. Inu nokha ndiye munabadwa ndi mutu wosaphonya eti?"

Ananena zanzeru, ndipo mpaka lero amandikumbutsa. Koma ine ndinaona chinthu chimodzi. Ndikanaima Loweruka lija n'kutembenuza Chindevu kukhala chigawenga, ndiye kuti wa malaya oyera wapambana kawiri: wamupha ndi mfuti, kenaka wamulanda ndi anthu omulira. Ndipo kachiwiriko akanagwiritsa ntchito pakamwa panga. Ndinalumbira kuti pakamwa pamenepa sabwereka.

Loweruka ndinapukuta maiki ndi mpango, n'kuipereka kwa Lashidi ndi manja awiri. Kenaka ndinazungulira kukhomo, ndinalowa ngati wina aliyense, n'kukhala pa benchi ya pakati ndi nzimbe yanga. Nyumba inadzaza, chifukwa mbiri inali itamveka kuti ya Chindevu yabwera yoyera. Lashidi anamasulira bwino, mawu ndi mawu, sindingamuchotsere. Nkhalamba ija itagwa, anthu anayamba kung'ung'udza. Nyumba ya pafamu itayaka, a Lesitala, amene tsopano ankayendera ndodo, anagogoda pansi.

"Mwana iwe, mutu umenewu wautenga kuti?"

"Ndi mmene filimuyi ilili, agogo. Tepi yakale ija inali yoduka."

"Yoduka ndi iyi. Aumatapo mutuwu. Ife filimuyi taionera iwe usanamere mano."

"Agogo, onani nkhope, ndi yemweyo."

"Ndevu amamata, sitidziwa ife? Ntchito ya a malaya oyera imeneyi. Munthu amupha, ayambanso kumuipitsira mbiri."

Nyumba inagawikana. Anyamata ena anaseka, nati madala Mbewe anatipusitsa, ndipo mmodzi anandiponyera khoko la nthochi limene linandipeza pakhutu. Ena ankati chimbale n'chabodza. Ambiri ankanditembenukira kuti ndinenepo kanthu. Ine ndinkangosenda nzimbe ndi mano. Che Amidu anaima kumbuyo manja ali kumsana mpaka filimu inatha. Chindevu atagwa, Lashidi anati chilungamo chachitika. Anaomba m'manja anthu ochepa, nasiya msanga ataona kuti ali okha.

Potuluka ndinadutsa pafupi ndi Che Amidu. Ndinayenda pang'onopang'ono, kuwapatsa mpata.

"Che Mbewe."

"Bwana."

"Makoko a nzimbewo mutole."

Ndinatola. Ntchito yanga ya kanema inathera pomwepo. Zaka zotsalazo ndinazithera pa nsapato za kaunjika, kuzungulira misika ya Nsaru, Msundwe ndi Kabudula ndi thumba pa njinga, mpaka mawondo anakana. Sukulu ya ena mwa inu inavuta m'zaka zimenezo, ndikudziwa, ndipo sindikupemphani kuti muiwale. Che Amidu sanandiitanenso, ine sindinapite kukawapempha. Tinkapatsana moni tsiku lililonse, ndipo nsapato zawo za pa Idi ankagula kwa ine osanenerera, zomwe zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa. Atamwalira ndinaperekeza nawo mpaka kumanda.

Msundwe, chaka chino

Mwezi wathawu ndinakwera minibasi kuchokera ku Msundwe. Pambali panga panakhala mlimi wina wachinyamata, thumba la mbewu pamiyendo, akuonera filimu pa foni. Ndinamva mawu a Lashidi, amene masiku ano nyumba ija amaonetseramo mpira, koma amajambula mafilimu omasulira n'kumawaikira anthu m'mafoni. Ndinasuzumira. Chipululu, hatchi yotsimphina, chitsime. Ndinamupempha mnyamatayo kuti abweze poyambirira. Anati apa ndiye poyambirira, madala. Ndipo mawu a Lashidi anati, munthu mmodzi, omuthamangitsa gulu, ekita ndi ameneyu.

Nditafika pa Nsaru sindinapite kunyumba. Ndinamupeza Lashidi m'sitolo ya amalume ake, imvi zitayamba, akuyeza nsalu.

"Mutu uja uli kuti?"

Anapinda nsalu kaye, naipereka kwa wogula, n'kudikira kuti atuluke. "Wamutu anthu saufuna, madala. Ndinayesa. Amabweza, amati ndawaikira yabodza."

"Amalume ako akanati chiyani?"

Anayang'ana kumashelefu. "Amalume analibe ana a sukulu asanu."

"Nanga mawuwo ndi a yani?"

"Mawu ndi a anthu, madala. Aliyense pa Nsaru amawadziwa."

Ndinafuna kunenerera, chizolowezi sichitha. Koma ndinenerere chiyani, katundu ali kale m'thumba la wogula? Anandikokera mpando, nanditsegulira botolo la chakumwa chozizira, ndipo ndinamwa, poti ludzu silidziwa mlandu.

Ndiye nkhani ili apa, ana anga. Ine ndinanena zija ndikukhulupirira kuti n'zoona, ndipo nditadziwa, ndinakana kuzibweza, n'kutaya maiki. Lashidi anandilanda maikiyo ndi choonadi, lero akudyera bodza langa akulidziwa bwino kuti ndi bodza. Che Amidu, munthu yekhayo amene sanapinde nsalu, ali kumanda, ndipo kuseri kwa sitolo yawo yomweyo Chindevu akumwetsabe hatchi, wosalakwa ngati khanda. Mayi anu akuti wapambana ndi mzungu wa ndevuyo, amene anapha nkhalamba n'kupeza anthu omulira kudziko loti sanalipondepo. Ine ndikuti ayi, koma ndikafuna kutchula wina, lilime limakakamira. Inu munapita kusukulu, ngakhale movutikira. Tandiuzani, pa malonda amenewa anadya mnzake ndani?